Bedi la Masana m'Chipinda cha Mayi Sevim

Ine kwathu ndi pa pulazi. Ndikatero anthu amaseka, amati pulazi si kwawo kwa munthu, koma ndiuzeni kwina. Ndinabadwira m'komboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Banket, ku Zimbabwe. Agogo anga anachoka ku Ntcheu wapansi akali mnyamata, ndipo ku Ntcheuko ine sindinapondeko phazi. Anzathu Achishona ankatinena kuti mabwidi, anthu opanda mudzi. Zinkawawa, koma bodza panalibe. Mapulazi atayamba kulandidwa komboni yathu inabalalika, amayi n'kukapanikizana kwa mlongo wanga ku Chinhoyi. Ine ananditola ndi mayi wina wa kutchalitchi amene anali kale ku London. Ndinakwera ndege ndi jekete yobwereka.

Ndinafikira ku Thamesmead, m'flati ina ya m'mwamba momwe mphepo ya kumtsinje inkalowa ngati nayonso imalipira lendi. Chipinda ndinkagawana ndi Esnati, mayi wa ku Chipata, pakamwa posatseka. Ndiye anandilowetsa ntchito yosamalira okalamba.

"Manje manyazi ya chani?" anatero tsiku loyamba, akundionetsa kavalidwe ka magolovesi. "Kuno tonse tipukuta nkhalamba, na matichala, na abusa. Uzalira mwezi umodzi chabe, pambuyo uzajaira."

Ndinaliradi, ndipo ndinazoloweradi. Ndinalowa m'nyumba zambiri, zina zonunkha amphaka, zina zozizira ngati m'firiji, TV ikulankhula yokha tsiku lonse. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkakagawa, kwina ku lendi kwina ku Chinhoyi. Nyumba zimenezo ndinaziiwala pafupifupi zonse. Imodzi yokha ndiyo ikukana kundichoka.

Inali ku Romford. Kuchoka ku Thamesmead unali ulendo wotopetsa: basi mpaka ku Woolwich, kuwoloka mtsinje, basi ina, kenako sitima. Panja inali nyumba wamba ya njerwa, yogundana ndi zinzake, mabini pakhomo. Anandilandira ndi Bambo Erdal, munthu wa imvi zoyamba kumene, amene anali ndi shopu yochapa masuti pafupi ndi msika. Iwo ankakhala kwina ndi banja lawo. M'nyumbamo munatsala amayi awo okha, Mayi Sevim, amene matenda oiwala anali atayamba kuwadya mutu.

"Amayi sakhala pansi pano," anatero akundilozera masitepe. "Pansi pano ndi ku England. Iwo amakhala m'mwamba, ku Turkey."

Ndinkayesa nthabwala. Nditatsegula chitseko cha chipinda chakumbuyo ndinaima kaye. Munali fungo la matabwa akale ndi khofi. Munalibe bedi, munalibe tebulo, ngakhale mpando. Polowera panali potsika pang'ono, povulira masilipasi, kenako umakwera kasitepe n'kuponda kapeti yofiira. M'mbali mwa mazenera munazungulira benchi yaitali yomangira kukhoma, ya mitsamiro yolimba, imene ankaitcha sediri. Khoma lina lonse linali makabati okhaokha, zitseko zosema, ndi timapanga toikamo nyale ndi makapu. Siling'i inali ya timatabwa tolumikiza bwino, pakati pali duwa lalikulu losema. Mbali ya kudimba chipindacho chinatulukira kunja kupitirira khoma la nyumba, chitatsamira pa mitengo yokhota ngati zigongono, mazenera mbali zitatu. Chotulukiracho dzina lake jumba. Ukakhalamo unkaona ngati ukulendewera pamwamba pa mipanda ya anthu ndi zovala zawo zoyanika.

Zonsezi anapanga ndi malemu amuna awo, Bambo Hasan, kalipentala. Masana ankakhoma zitseko m'maofesi a ku London, Lamlungu n'kumamangira mkazi wawo chipinda chofanana ndi chimene anasiya kwawo, chifukwa mayiwo atangofika ankangolira. Ntchitoyo inawatengera zaka.

Mayi Sevim anali atakhala mu jumba, mwendo umodzi atapinda pansi pawo, kamunthu kakang'ono ka mpango woyera. Sanayambe kuyang'ana nkhope yanga, anayamba mapazi. Nsapato ndinali nditavulira pansi.

"Uyu akhale," anauza mwana wawo. Kenako anandilozera pangodya ya sediri, pamene mazenera awiri amakumana. "Apo ndi pa Hasan. Sipakhala munthu. Iwe khala apa, mwana wanga."

Ndinamva pambuyo pake kuti anzanga amene anabwera ine ndisanafike anachotsedwa chifukwa cha ngodya yomweyo. Ankafika atatopa n'kungodziponyapo.

Tinkalankhula Chingerezi chothyokathyoka tonse awiri, manja akuthandiza. Ntchito inali ndi dongosolo lake. M'mawa ndinkawadzutsa pa matiresi a ubweya wa nkhosa oyala pansi, tinkapinda zofunda limodzi, iwo mbali ina ine mbali ina, n'kuzilonga m'kabati yaikulu. Chitseko chikatsekeka, chipinda chogona chatha, chasanduka chochezera. Nthawi ya chakudya ndinkabweretsa thireyi yaikulu yamkuwa n'kuikhazika pakampando kafupi, tikadya n'kuichotsa. Ngakhale kusamba kunali momwemo. Unkatsegula kabati ina, kunyamula thabwa la pansi, n'kupeza malata ndi kabowo kotulukira madzi. Tsiku loyamba ndinaseka mpaka misozi, munthu wamkulu kusamba m'kabati. Koma zopinda zofunda sizinali zachilendo kwa ine. Ku komboni nako kukacha tinkakulunga mphasa n'kuiimika pakona, apo ayi mukhala pati?

Tsiku lina ndikuthira khofi anati, "Mwana wanga, kapu inayi upite nayo kwa apongozi. Ali m'chipinda cha kum'mawa."

"Chipinda chiti, amayi?"

"Utuluke apa, udutse holo yapakati, chitseko cha kumanja. Ugogode kaye, amakwiya."

Kunja kwa chitseko chathu kunalibe holo. Kunali kanjira kopapatiza, bafa lachizungu ndi kachipinda kosungiramo makatoni. Koma pophunzira ntchito anatiuza kuti munthu woiwala sulimbana naye. Ndinatuluka ndi kapu, ndinaima pamasitepe, khofiyo n'kumwa ndekha. Ndinabwerera ndi kapu yopanda kanthu.

"Ati zikomo," ndinatero.

"Sananene kuti shuga wachepa?"

"Anena ndithu."

Anawomba m'manja akuseka. "Mayi ameneyo! Angakhale uthire thumba lonse."

Umu ndi momwe ndinaidziwira nyumba yaikulu ya kwawo, ya m'tauni ina ya kumapiri, imene anakwatiwiramo ali mtsikana. Ndinaidziwa potumidwa. Pansi penipeni panali pamiyala, popanda mazenera, pokhala ng'ombe ndi nkhuni. Pamwamba pake panali zipinda zofupika denga za nthawi yozizira, ndi khitchini. M'mwamba monse munali holo yapakati, zipinda m'ngodya zinayi, ndipo chipinda chilichonse chinali banja palokha: mwana wamwamuna aliyense ndi mkazi wake ankagona, kudya ndi kusamba m'chipinda chawo, kukumana ndi ena m'holomo. Makoma a m'mwamba anali mitengo yopingasa, m'mipata atadzaza zidina zadothi, kunja atapaka laimu. Chitseko cha kumsewu chinali ndi zogogodera ziwiri, chachikulu cha amuna ndi kamphete ka akazi, kuti wa m'nyumba adziwiretu wotsika kukatsegula. Ankanyadanso kuti kwawo nyumba sitsekereza inzake dzuwa, womanga amayamba waima pazenera la mnansi kuona chimene angamubisire.

"Kamphete kalira," ankatero mwadzidzidzi. "Ndi wamkazi, tsika usavutike ndi mpango." Ndinkatsika, kutsegula chitseko, kuyang'ana msewu wa Romford uli zii, mvula ikuwaza, n'kukwera ndi uthenga woti anali mnansi wobwereka sefa. Tsiku lina ndikauze alamu awo kuti achepetse phokoso. Tsiku lina ndikaone ngati ng'ombe zamwa. Ndinkapita, ndinkabwera ndi yankho nthawi zonse, ndipo yankho likafika nkhope yawo inkamasuka, chakudya n'kulowa.

Pano ndiye ndinene zoona, ngakhale muziti ndinapenga. Nyumba ija inayamba kundilowa. Ndinkapezeka ndikukweza phazi kudumpha chiundo cha chitseko pamalo popanda chiundo. Podutsa pa kachipinda ka makatoni ndinkayenda monyang'ama kuopa kudzutsa apongozi. Masana ena, dzuwa likuwala bwinobwino, ndinagogoda pa kachipindako n'kuima kudikira kuti andilole kulowa. Ndinadikira ndithu, abale, kapu ili m'dzanja. Nditazindikira chimene ndikuchita thupi lonse linachita tsembwe.

Esnati nditamuuza anaika supuni pansi. "Iwe, uyenda na makapu kuli bantu bakufa? Uzatibweretsera vibanda muno. Sondo upite ku Peckham bakakupempherere, nakuuza."

Ku Peckham ndinapita, ndinaimba, ndinagula ufa ndi kapenta pobwerera, koma nkhaniyi sindinauze m'busa. Ndikanayamba bwanji? Komanso, kunena chilungamo, sindinkafuna kuti ithe. Ine amene ndinalibe mudzi ndinali ndi nyumba ya nsanjika zitatu yoyendamo, yodzaza anthu odziwa kuti ndikubwera.

Ndinafunsa Bambo Erdal ngati nyumbayo ikadalipo. Anapukusa mutu.

"Inagwa. Eni ake anachuluka, aliyense ali kumzinda, palibe wofuna kukonza denga la mnzake. Nthawi imeneyo anthu ankachita nazo manyazi nyumba zimenezi, ati ndi za umphawi, aliyense akufuna flati ya simenti. Lero zoyandikana nayo anazikonza, alendo amachokera kutali kudzagonamo ndi kuzijambula. Yathu inafulumira kugwa. Ndinapitako, ndinapeza miyala ya pansi yokha ndi mkuyu utamera pakhitchini."

"Amayi akudziwa?"

"Tinawauza kale. Anaiwala, ndipo sindidzawauzanso."

Kenako Mayi Sevim anagwa. Unali m'mawa ine ndisanafike, anadzuka okha, phazi n'kukodwa pa kasitepe ka polowera. Ndinawapeza ali pansi, akundipepesa kuti zofunda sizinapindidwe. Fupa silinathyoke koma anawagoneka m'chipatala, ndipo kumeneko anthu oona za okalamba anagamula kuti munthu wotere sangamagone pansi. Akafuna kubwerera kunyumba, pakhale bedi lachipatala lokwera ndi kutsika ndi magetsi, la zitsulo m'mbali. Apo ayi apite kunyumba yosungira okalamba. Sanali anthu oipa, ankanena zimene anaphunzira. Bambo Erdal anavomera msanga, chifukwa chimene ankafuna n'choti amayi awo abwerere m'chipinda chawo.

Vuto linali malo. Bedi limenelo ndi chinthu chachikulu, limafuna mpata mbali zonse, ndipo makabati ankafunika kutseguka. Malo okhawo anali kumazenera, ndiye kuti mbali ina ya sediri ichoke, pamodzi ndi ngodya ija. Bambo Erdal anabwera ndi zida kuti aphwasule okha. Anafunafuna misomali osaipeza, matabwa anali olowetsana n'kukhomedwa ndi zikhomo zamtengo. Chikhomo choyamba chitatuluka anakhala pansi n'kumachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinatsika kukaphika tiyi amene palibe anamupempha.

Mayi Sevim anabwera nawo masana, anyamata a ambulansi atawanyamula pampando. Bedi linali litayalidwa kale, nsalu zoyera mbee, dzuwa likuwomba pamenepo. Atafika pakhomo anakweza dzanja kuti awaimike.

"Wabereka ndani?" anafunsa.



"Ngati palibe wabereka, ndiye kuti wina akutsazika. Ndani?" Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana ine, kenako anayang'ana manja awo. "Oo. Ndine."

"Ayi amayi, ndi bedi chabe," anatero Bambo Erdal. "Kuti musagwenso."

"Mwana wanga, m'nyumba mwathu zofunda zimayalidwa masana kwa anthu awiri okha, wobereka ndi womwalira. Onse awiriwo ndinawayalirapo. Usandiphunzitse."

Anakwera pabedipo osakana, anapinda manja pachifuwa. M'mawa mwake ndinayesa nzeru, ndinachotsa mabulangete n'kuwalonga m'kabati monga kale. Koma bedi silipindika. Linangokhala pomwepo pakati pa chipinda, zitsulo zili ng'aning'ani.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundituma. M'malo mwake anthu a m'nyumba yaikulu anayamba kubwera okha. "Tsegula chitseko, afika," ankatero, ine n'kutsegula. Ankawalonjera mmodzimmodzi, maso akutsatira munthu kuchokera pakhomo mpaka pokhala. Apongozi apa, alamu aakulu apo, akazi awo cha kumunsi, aliyense pamalo pake pa sediri yotsalayo. Kwawo wodwala akafika pamenepo abale amabwera kudzakhala naye ndi kukhululukirana, ndiye iwo ankaona kuti mwambo ukuyenda bwino. Chimodzi chokha chinkawazunza. Maso awo ankathera pazenera, pamene panali ngodya, n'kukhala m'mwamba ngati akuyang'ana munthu woimirira.

"Idyani pang'ono, amayi," ndinkawanyengerera.

"Ndidye bwanji Hasan ali chiimire? Wabwera ulendo wonsewu, ndipo m'chipinda chimene anamanga yekha alibe pokhala. Manyazi, mwana wanga, manyazi."

Supuni ankaikankha. Madzi okha ankalola kunyowetsa milomo. Ndinkawaona akutha tsiku ndi tsiku, mphete ikuzungulira pachala. Dokotala anabwera, anati ndi matendawo akupita patsogolo, anasiya timabotolo ta zakumwa zopatsa mphamvu. Ine ndinkakhala m'chipindamo ndi mayi wosadya ndi alendo osaoneka, ndikudzichepetsa pakona kuti ndisaponde munthu. Ndinkaopa, ndipo ndinkakwiya.

Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale, ndipo munthu wotero amaphunzira kutseka pakamwa. Kwa eni kulibe mkuwe. Esnati anandichenjeza kuti ndisunge ntchito yanga, nkhalamba si yanga. Koma tsiku lina nditaweruka ndinapita kushopu kuja, ndinawapeza Bambo Erdal ali m'nthunzi akusita jekete.

"Bambo Erdal, bedi lija likuwapha amayi."

"Ukudziwa zimene anandiuza. Likachoka, n'kugwanso, adzawatenga. Ndipo adzati ndine ndinawagwetsa."

"Akagwa mwina adzathyoka fupa. Apa akutha tikuona ndi maso. Ine ndiziwadzutsa ndekha, ndizigona komweko ngati n'kofunika. Koma munthu wauzidwa ndi chipinda chake chomwe kuti akufa, ndiye akumvera. Bwezerani bambo anu pokhala."

Sindikudziwa kumene ndinawatenga mawu amenewo. Anazimitsa simbi, anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndipo ndinati basi ntchito yatha. Lamlungu m'mawa ndinamva galimoto panja, anali iwo ndi bokosi la zida.

Mayi Sevim tinawakhazika mu jumba titawafunditsa. Bedi tinalimasula, tinatsika nalo masitepe chidutswachidutswa, likutikanda m'manja. Matabwa a sediri anali m'kachipinda ka makatoni. Bambo Erdal si kalipentala, anatuluka thukuta, anasemphanitsa matabwa kangapo, amayi awo akuwadzudzula m'chikwawo. Pomaliza chikhomo chilichonse chinapeza bowo lake. Ndinabwezera mitsamiro. Madzulo ndinayala matiresi pansi, ndipo usiku umenewo ndinagona pafupi nawo.

Kutacha tinapinda zofunda. Mphamvu analibe, anangogwira nsonga ya bulangete, koma chitseko cha kabati anatseka okha. Anayang'ana chipinda chonse chili mbee, pakati popanda kanthu.

"Alendo aja apita?" ndinafunsa.

"Apita. Aona kuti si nthawi yake. Hasan wakhala pang'ono, wapumula, ndiye wapita." Kenako anati, "Kodi m'nyumba muno buledi mulibe?"

Ndinatsika masitepe ndikulira ngati mwana. Anadya buledi ndi tchizi, anamwa khofi, ndipo masana anandituma kukauza alamu awo kuti abweze lumo. Masabata amene anatsatira anali abwino kuposa onse. Ndinkagona komweko masiku ambiri, kuwadzutsa, kuwagwira mkono pa kasitepe. Sanagwenso.

Koma bedi lachipatala silibisika. Nesi woyendera odwala analipeza m'chipinda cha pansi litatsamira khoma, anakwera, anapeza wodwala wake atakhala pazenera ndipo pogona palibe. Anachita ntchito yake, anakanena. Sabata yomweyo a ku ofesi yathu anandiimbira kuti ku Romford ndisapitenso, ndipo ndithokoze kuti sakufunsa zambiri. Bambo Erdal anapanikizidwa uku ndi uku, mlongo wawo nayenso akuwaimba mlandu pafoni. Amene anandilowa m'malo sankaloledwa kudzutsa munthu pansi. Mapeto ake Mayi Sevim anapita kunyumba yosungira okalamba, ndipo nyumba ya ku Romford inagulitsidwa kuti iwalipirire.

Ku London ndinakhalako zaka zina zingapo. Nditabwerera ku Chinhoyi ndinapeza nyumba imene ndinkatumizira ndalama zomangira itatha, ya malata owala, koma makiyi ali ndi mlamu wanga, ine akundipatsa mpando wa alendo. Ana a mlongo wanga amanditcha anti a ku London ndipo Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chishona. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene chimandipezabe, nthawi zina ndili pakati pochapa, ndi ulendo umene ndinakawaona Mayi Sevim kunyumba yosungira okalamba ija, ndisanachoke ku London.

Inali nyumba yaukhondo, antchito ake aulemu, ambiri akuda ngati ine. Ndinayenda m'kanjira kakatali, zitseko zili pululu mbali zonse, m'chipinda chilichonse muli bedi loyala, dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza pampando pafupi ndi chitseko, atafulatira bedi lawo. Anandizindikira. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundikokera pafupi.

"Waona?" ananong'ona. "Onsewa. Nyumba yonse, ndipo palibe wobwera kudzakhala nawo."

"Nanga akwanu amabwera, amayi?"

"Abwera bwanji? Njira sakuidziwa. Ndipo akhala pati?" Anayang'ana kanjira kaja ngati wina angamve. "Mwana wanga, pita kunyumba. Ukawauze apongozi asakhome chitseko cha kumsewu. Ndichedwa pang'ono, koma ndikubwera. Ukabwere undiuze zimene anena."

"Ndapita, amayi."

Pomwepo anabwera mtsikana wantchito kudzawatenga kuti akadye. Anawakankha pa njinga ya odwala, iwo akucheuka kundikumbutsa ndi chala.

Ndikanatha kuima panja pang'ono n'kubwerera ndi yankho monga kale. Koma anali atapita kukadya, ndipo uthenga uwu unandilemera mosiyana ndi ena onse. Ndinakwera basi mpaka kunyumba ya ku Romford ija. Pakhomo panali chibini chachikulu chodzaza matabwa, chitseko chili chotsegula, amisiri akugwira ntchito wailesi ikulira. Ndinauza mmodzi kuti ndinkagwira ntchito muno, ndikufuna kungoona m'mwamba. Anakweza mapewa n'kundipatsa njira.

Chipinda chinali njerwa zokhazokha. Makabati kulibe, siling'i kulibe, pamene panali jumba panali chibowo chotseka ndi pulasitiki yabuluu. Ndinadabwa kuchepa kwake, kachipinda wamba ka kumbuyo. Ndinavula nsapato ngakhale pansi panali fumbi ndi misomali. Ndinatuluka m'kanjira, ndinagogoda pa kachipinda ka makatoni kamene kanalibenso chitseko, ndinagogoda pa felemu. Ndinalankhula m'Chichewa, kuti mmisiri akamva asadziwe kuti ndikunena chiyani.

"Pepani amayi, ndatumidwa ndi mpongozi wanu, Mayi Sevim. Akuti musakhome chitseko cha kumsewu. Achedwa pang'ono, koma akubwera."

Ndinadikira monga mwa ulemu. Pulasitiki ija inkangokupiza ndi mphepo, pansi wina akukhoma.

Masiku otsatira anandiika mashifiti kutali, kutsidya la mtsinje, ndipo tsiku lopuma litafika ndinalawirira ndi yankho langa m'kamwa. Ndinayenda kanjira kaja mpaka pachitseko chawo. Pampando panalibe munthu. Pabedi panagona bambo wina wachizungu, akuyang'ana kudenga. Mtsikana wantchito uja anandigwira phewa, anati anatisiya masiku apitawa, mwakachetechete, atakhala pampando, ndipo ankafunsafunsa ngati mwana wawo wamkazi amene anamutuma uja wabwera.

Sindikudziwa ngati yankho lija ndinalipeka ngati ena aja, kapena ndinalimva pa felemu paja. Sindinauzepo munthu, ngakhale Esnati. Linali lalifupi. Ati chitseko sitinakhome, fikani.